Ola Limodzi la Abiti Jafali

Za imfa ya Abiti Jafali ndinazimva patatha sabata ataikidwa kale. Ndinapita kuchipatala kukatenga mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi, ndipo namwino amene ankandiyeza, mtsikana amene anagwirapo ntchito ku Phalula, anandifunsa akumanga lamba pamkono panga ngati ndinamva za agogo aja. Anati anamwalira Lachinayi m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke n'kuti atawaika, monga amachitira Asilamu. Kenako anayang'ana makina ake n'kunena kuti magazi anga akwera. Ndinamuuza kuti adikire pang'ono, ayesenso.

Ndinagwira nawo ntchito zaka zinayi zokha, m'zaka za m'ma 1970, pa kachipatala kakang'ono pakati pa Ngokwe ndi Nayuchi, kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Tinalipo atatu: iwo monga namwino wamkulu ndi mzamba, Bambo Mwale amene anthu ankawatchula kuti adokotala ngakhale anali wothandizira dokotala, ndi ine, Lusiya, wongochoka kumene kusukulu ya unamwino. Pamapepala a boma dzina lawo linali Agnesi, limene anapatsidwa kusukulu ya mishoni. Ife tinkawatchula kuti a Sisitala. Odwala onse, kuyambira asodzi mpaka ashehe, ankati Abiti Jafali, kutengera dzina la bambo awo.

Anali mayi wamfupi, wa mapewa aakulu, woyenda mosafulumira. Pamphuno pawo panali kabowo kakang'ono, malo a chipini chimene anawavulitsa tsiku loyamba kusukulu ya unamwino.

Tsiku limene ndinafika, lole inanditsitsa cha m'ma naini, ndipo ndinapeza mzere wa odwala utafika mpaka pamsewu. Ndinasiya sutikesi pakhonde, n'kuvala yunifomu msangamsanga kuti aone kuti sindine waulesi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwanangu, wadya?"

"Ndidya masana, a Sisitala."

"Iyayi. Pita kukhitchini kwanga uko, muli chinangwa ndi tiyi. Anthu awa adikira kuyambira m'mawa, mphindi khumi sizikuwapha. Koma ukalowa ndi njala, ikamakwana leveni ukhala ukuwakalipira, ndipo iwo sanakulakwire."

Ndinadya ndi manyazi, ndikuona ngati mzere wonse ukundiyang'ana pakamwa. M'mtima ndinati mayi uyu ndi wodzikonda. Maganizo amenewo ndinakhala nawo zaka zoposa zitatu, ndipo sindinali ndekha. Panali anthu m'midzi yozungulira amene ankanena poyera kuti Abiti Jafali amakonda thupi lawo kuposa odwala.

Chimene chinkawapatsa dzina loipalo ndi ola lawo. Tsiku lililonse akamaliza swala, pemphero lawo la masana, ankapita kuseri kwa chipatala, pansi pa mtengo wa mango, n'kukhala pampando wa ndalema. Ankavula nsapato zawo zoyera ndi kuviika mapazi m'beseni la madzi ofunda othira mchere. Ankatseka maso, kapena kusenda malalanje pang'onopang'ono. Kuyambira wani koloko mpaka thu koloko palibe ankaloledwa kuwaitana, kupatula pa zinthu ziwiri: mayi akutaya magazi, kapena mwana akulephera kupuma. Bala la mbedza, mutu, chifuwa cha sabata yatha, zonsezo zinkadikira, kapena tinkaziona ife. Ola lawo likatha linkayamba langa, ndipo ankaonetsetsa kuti ndalitenga. Ndikazengereza pakhomo ankandilanda chimene ndagwira m'manja.

Ankanena kawirikawiri kuti boma linatipatsa yunifomu ziwiri koma msana umodzi, ndipo ukathyoka palibe kalata imene ungalembe kuti akutumizire wina. Ankanenanso kuti namwino wotopa amaoneka wachifundo kwa anthu oonerera okha, koma wodwala amene akubayidwa jakisoni amadziwa kusiyana kwake.

Panalinso malamulo ena ang'onoang'ono amene sanalembedwe paliponse. Yunifomu sinkapita kunyumba ili pathupi. Tinkavulira pachipatala pompo n'kuvala zathu. Pa chakudya sitinkakamba za zilonda. Munthu akatifera m'manja, tikamaliza kumukonza ndi kulankhula ndi abale ake, ankanditengera pamgolo wa madzi, tonse n'kusamba mpaka m'zigongono, kenako n'kukhala pasitepe. Ankatchula dzina la womwalirayo kamodzi, mokweza pang'ono, ndipo tinkakhala chete mwina mphindi zisanu. Ofuna kulira ankalira pamenepo. Akadzuka ankakutumula diresi n'kuitana wotsatira pamzere. Ankati chisoni chimene sunachipatse malo masana chimakakudikira pamphasa.

Mwezi wa Ramazani ine ndinkatenga ntchito zolemera za masana kuti iwo asale bwino, ndipo pa Khirisimasi ankatithamangitsa tonse awiri, ine ndi Bambo Mwale, n'kutsala okha masiku atatu. Sanapemphepo chilolezo kwa wina aliyense pa zimenezi. Ankati a ku boma akufuna chipatala chikhale chotsegula, sanafunse kuti watsegula ndani.

Ndi Bambo Mwale ankakangana pafupifupi mwezi uliwonse. Bamboyo anali munthu wabwino, wochokera chigawo chapakati, woonda, wokhulupirira kuti kupuma n'kwa anthu amene alandira penshoni. Ankadya mtedza wa m'thumba la jekete ataimirira, ndipo anali ndi zilonda za m'mimba zimene ankazinyengerera ndi soda. Beseni lija ankalitchula kuti nyanja ya a Sisitala, ndipo akafuna kuwapsetsa mtima ankafunsa ngati nsomba zagwidwa lero.

Tsiku lina, nthawi ya malungo, a Sisitala anaona kuti odwala atatu otsatizana atuluka m'chipinda cha Bambo Mwale ndi mapepala olembedwa mankhwala ofanana, chonsecho wina anabwera ndi dzino, wina ndi phazi lotupa. Anawabweza odwalawo mwakachetechete n'kuwaona okha. Bambo Mwale atatuluka kupita kuchimbudzi, a Sisitala anakhoma chipindacho n'kumangirira kiyi pakona ya mpango.

"A Sisitala, kiyi wanga."

"Mupita kukagona, a Mwale."

"Mukudziwa kuti woyang'anira chipatala chino ndine?"

"Ndikudziwa. Mukalembe ku boma kuti Abiti Jafali andibisira kiyi kuti ndigone. Ndikupatsani envulopu."

Bambo Mwale anatembenuka n'kupita. Anagona mpaka dzuwa kulowa. Sanathokoze, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso, koma patapita masabata angapo ndinaona mpando wachiwiri pansi pa mango paja. Mapazi m'madzi sanaviikepo mpaka kalekale. Ankangokhala, nsapato zili kumapazi, nyuzipepala yakale ili pankhope.

Kamodzi pamwezi a Sisitala ankapita ku Balaka. Kumeneko n'kumene anakulira. Bambo awo, Che Jafali, anali telala wosoka pakhonde la sitolo ya mmwenye, ndipo ndi iwo amene anaumirira kuti mwana wawo wamkazi apite kusukulu ya mishoni pamene anzawo a kumzikiti ankati akamudyetsa nkhumba ndi kumusintha chipembedzo. Anamusintha dzina lokha. Pofika nthawi imene ndinawadziwa, makolo awo anali atamwalira kale, ndipo ku Balaka sankapitira abale. Ankapita kukasangalala.

Ananditenga ulendo umodzi. Tinapalasa njinga maola awiri kukafika pamene sitima ya ku Nayuchi inkaima, makhadi a chipani tili nawo m'chikwama chifukwa popanda khadi sukanakwera. Munthu amene ndinayenda naye tsiku limenelo sindinkamudziwa. Anavala chitenje chatsopano chobiriwira ndi mpango wake, anapaka wanja m'maso, ndipo pamphuno chipini chija chinabwerera, chasiliva, chonyezimira. Tisanakwere anandichenjeza.

"Musitimamu palibe namwino. Akafunsa, ndife ogulitsa mpunga. Ukangonena kuti ndiwe nesi, wina akuvulira malaya kuti uone chithupsa."

Moyang'anizana nafe munakhala mayi wachitsikana ndi khanda la maso omatana ndi mafinya. Ndinaona a Sisitala akuyang'ana pawindo, kenako kudenga, kenako m'chikwama. Anapirira mpaka sitima itawoloka Shire pa Liwonde. Pamenepo anatulutsa mpango woyera n'kuyamba kulankhula ndi mayiyo m'Chiyao, kumuonetsa kapukutidwe ka maso kuchokera mkati kupita kunja, ndi kumuuza kuti asathiremo mkaka wa m'mawere koma atsikire kuchipatala tsiku lomwelo. Atamaliza anatembenukira kwa ine atakwiya, ngati ndalakwa ndine.

"Waona? N'chifukwa chake ndimakhala kumbali ya windo."

Ku Balaka analukitsa tsitsi kwa mayi wina kuseri kwa msika, ngakhale kuti tsitsilo palibe ankaliona pansi pa mpango. Anagula sopo wonunkhira mmodzi m'sitolo ya amwenye, amene nthawi imeneyo anali asanachoke m'matauni ang'onoang'ono. Kenako tinalowa m'tiyirumu pafupi ndi siteshoni, n'kuitanitsa tiyi wamkaka ndi masikono opaka majarini. Nditafuna kunyamuka kuti ndikatenge shuga patebulo lina, anandigwira dzanja.

"Khala. Mwezi wonse timatumikira ife. Lero ndikufuna munthu wina anyamule kapu kubweretsa pamene ndakhala."

Tiyi ameneyo anamwa pafupifupi ola lathunthu. Sindinaonepo munthu akumwa tiyi mwaulemu chonchija.

Sindikufuna kuwapanga mngelo. Lilime lawo linali lakuthwa, ndipo munthu wogogoda pakhomo pawo tsiku lopuma ndi nkhani ya chimfine ankabwerera atamva mawu amene sakanawaiwala. Mayi wina wa m'mudzi wapafupi anakhala zaka osawapatsa moni chifukwa anabweza mwamuna wake kuti abwere mawa, ndipo ine ndikuganiza kuti tsiku limenelo akanatha kumuona. Kupepesa kunkawavuta. Akalakwira munthu ankamutumizira mbale ya nandolo, basi.

Chimene chinasintha maganizo anga, ndiponso chimene chinawachotsa ku Chiuta, chinachitika m'dzinja lina pamene kolera inagwa pakati pa asodzi. Masiku amenewo mawu akuti kolera sankanenedwa. Makalata ochokera ku boma ankati matenda otsegula m'mimba, chifukwa dziko loyenda bwino silinkayenera kukhala ndi kolera. A Sisitala ankalitchula dzinalo mokweza, pamzere ndi pamjigo pomwe. Ankati munthu ukamuuza kuti kwagwa kutsegula m'mimba amaseka, koma ukamuuza kuti kolera amawiritsa madzi.

Odwala ankabwera pamachira, panjinga, ena m'ngolo. Wodi itadzaza tinamanga chisakasa cha udzu panja n'kuyala mphasa. Madiripi anali ochepa, lole yobweretsa ena itatitimira m'matope kutali, choncho aliyense wotha kumeza tinkamumwetsa madzi owiritsa a mchere ndi shuga, kapu ndi kapu. A Sisitala analemba pakhoma ndi khala maina athu atatu ndi nthawi ya aliyense yogona, maola anayi anayi, ndipo anati wophwanya zimenezi akhala mdani wawo.

Anayamba kuphwanya ndi iwo eni. Tsiku lachinayi Bambo Mwale anagwa nawo matendawa, n'kugona pamphasa pakati pa odwala awo. Tinatsala awiri. Nthawi yanga yodzuka itakwana sanandidzutse. Ndinadzidzimuka kutacha, nditagona maola asanu ndi atatu, ndipo iwo anali ataimirira tsiku lathunthu, usiku wonse, mpaka m'mawa umenewo. Nditawadandaulira anangoti ndine mwana, tulo ndimalifuna kuposa iwo. Anapitiriza mpaka masana. Cha m'ma wani ndinawaona atagwada pambali pa msodzi wina, akufuna mtsempha. Anabaya katatu osaupeza. Anaika singano m'mbale, n'kuyang'ana manja awo kwa nthawi, kenako anandiitana.

"Maliza iwe. Ndikupita kuseri. Ola limodzi."

Pasanathe mphindi makumi awiri kunafika anyamata anayi a chipani, a malaya ofiira, atanyamula machira. Patsogolo pawo panali Che Bwanali, tcheyamani wa chipani m'dera lonselo. Pamachirapo panali mwana wawo wamkazi, Hawa, mtsikana amene anali atangokwatiwa kumene. Maso anali atalowa mkati, zala zitakwinyika ngati za munthu wochapa tsiku lonse, ndipo nditatsina khungu la pamimba linangoima osabwerera.

Amene sanakhale m'masiku amenewo sangamvetse kuti tcheyamani anali ndani. Mphunzitsi wina wa pasukulu yoyandikana nafe anatengedwa ndi galimoto chaka chapitacho chifukwa cha mawu amene ananena pamowa, ndipo palibe ankafunsa kumene ali. Anthu akuluakulu ankavula zipewa Che Bwanali akamadutsa panjinga.

Ndinawauza anyamatawo kuti amugoneke Hawa pabedi limene linali litangotsala lopanda munthu, n'kuthamangira diripi. Che Bwanali ananditsekereza.

"Ndikufuna Abiti Jafali, osati mwana wa sukulu. Ali kuti?"

Wina anawalozera kuseri. Ndinawatsatira, botolo la diripi lili m'manja. Abale a odwala, amene anali ambiri pabwalopo, anatsatiranso chapatali.

A Sisitala anali pampando wawo, mapazi m'beseni, mutu atatsamira pamtengo. Anatsegula maso koma sanadzuke.

"Anthu akufa uko, inu mukusamba mapazi?" anatero Che Bwanali. "Mwana wanga ali pabedi. Dzukani."

"Ndamva kuti mwabwera ndi Hawa. Pepani, Che Bwanali." Anatambasula manja onse awiri patsogolo. Ankanjenjemera ngati a munthu wa malungo. "Taonani. Mtsempha wa munthu wouma chonchija umakhala ngati ulusi. Ndikamugwira ndi manja awa ndimuboola paliponse, ndipo pambuyo pake palibe adzaupezenso."

"Ndikulankhula nanu m'dzina la chipani, inu mwakhala pansi?"

"Ndakhala pansi kuti ikamakwana thu koloko ndithe kuimirira. Muli anthu ena makumi angati umo amene adzandifuna madzulo." Kenako anayang'ana ine, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni changa sananditchule kuti mwanangu. "A Sisitala a Lusiya, mwagona bwino, manja anu ali bwino kuposa anga. Pitani mukaike diripi. Yambani mkono wamanzere. Mukalephera, musachite mantha, pitani pamwendo pafupi ndi kakolo."

"Mwana wanga akafa mudzayankha," anatero Che Bwanali, mawu atatsika.

"Ndidzayankha ine, osati iwo. Ndipo anyamata anuwa asangoima. Mgolo wauma, ndowa zili apo, mjigo mukuudziwa."

Ndinathamangira m'wodi. Che Bwanali anaima kumbuyo kwanga, ndikumva mpweya wawo pakhosi. Ndinamanga mkono wa Hawa, ndinasisita, ndinamenyamenya ndi zala, osaona kanthu. Ndinabaya koyamba, ndinaphonya. Ndinamva bamboyo akutchula dzina la Mulungu chapansipansi. Ndinapukuta thukuta ndi phewa, n'kupita pamwendo monga anandiuzira. Magazi akuda, olemera, anaonekera m'singano. Ndinatsegula diripi mpaka kumapeto n'kuimirira pamenepo nditagwira botolo m'mwamba, chifukwa zokolekera zonse zinali ndi eni ake. Pawindo ndinaona anyamata a malaya ofiira akudutsa ndi ndowa pamutu.

Thu koloko itakwana a Sisitala analowa, nsapato atavala, nkhope atasamba. Anagwira dzanja la Hawa kumva kugunda kwa mtima, anayang'ana pamene ndinabaya, anachepetsa pang'ono kuthamanga kwa madzi, n'kupita kwa wodwala wotsatira. Madzulo ake Hawa anapempha madzi akumwa. Patatha masiku anayi anabwerera kwawo akuyenda yekha. Bambo Mwale nawonso anachira. Ena sanachire, ndipo maina awo tinawatchula pasitepe paja mliri utatha, onse tsiku limodzi, chifukwa pa nthawi yake panalibe mpata.

Patapita miyezi iwiri kunabwera bambo wa tayi kuchokera ku boma. Anandiitanira m'chipinda cha Bambo Mwale n'kundifunsa mafunso awiri. Kodi n'zoona kuti Mayi Agnesi analankhula ndi tcheyamani atakhala pansi, mapazi ali m'madzi, pamaso pa anthu? Ndinati eya. Kodi n'zoona kuti ankauza anthu kuti kuno kwagwa kolera? Ndinati eya. Anadikira pang'ono, cholembera chili m'mwamba, ngati akundipatsa mpata woti ndiwonjezere. Sindinawonjezere. Za manja onjenjemera, za usiku umene anandisiya ndigone, za Hawa amene anali moyo, zonsezo ndinazimeza. Bambo Mwale, amene ankakangana nawo mwezi uliwonse, ndi amene analemba kalata ya masamba atatu yowateteza. Yankho silinabwere.

Kalata imene inabwera inali yowasamutsa kupita kuchipatala china mbali ya ku Phalula, kumene akakhale pansi pa namwino wina wocheperapo msinkhu. Tsiku lonyamuka, tikukweza katundu mulole, ndinawauza zimene ndinayankha kwa bambo uja. Ndinkalira. Anapitiriza kumanga mtolo wa mapoto.

"Unanena zoona. Ukanawonjezera bwenzi tikusamuka awiri, nanga a Mwale akanatsala ndi yani? Gwira chingwe ichi."

Lole itatsala pang'ono kunyamuka kunafika mayi wina amene sitinkamudziwa, n'kuponya m'mbuyo kathumba ka mpunga ndi nkhuku yomanga miyendo. Ananong'oneza kuti zachokera kwa amake a Hawa, ndipo bambo a kunyumba asamve.

Ku Phalula anagwira ntchito mpaka kupuma, ndipo anamanga nyumba ya njerwa zootcha chapatali pang'ono ndi msewu waukulu, kuseri kwa amayi ogulitsa tomato. Ndinkawayendera mwa apo ndi apo. Ulendo wina, tsitsi lawo litayera kale, ndinawafunsa ngati anagonadi pa ola lija Che Bwanali atachoka. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Kugona? Ndinamva chilichonse. Ndinamva pamene unaphonya. Ndinakanikiza mapazi pansi pa beseni kuti ndisathamangire mkati. Ndikanangoonekera pakhomo, iwe ukanandipatsa singano."

Tsiku lomwelo ndi pamene anandiuza chiyambi cha zonsezi, atakhala pamkeka akutola timiyala mumpunga, osandiyang'ana. Ali mtsikana, atangokwatiwa, ankagwira ntchito pachipatala china chachikulu, ndipo ankadziwika kuti ndi namwino wosakhala pansi. Akuluakulu ankawatchula pouza ena kuti azitengera chitsanzo. Ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, anzawo awiri anadwala, ndipo iwo anagwira ntchito ya anthu atatu kwa masabata awiri. Miyendo inatupa, mutu unkawapweteka, koma sanauze munthu. Anagwa ali m'chipinda chochiritsira amayi, atangomaliza kuthandiza mayi wina kubereka. Mwana wawo anali wamwamuna, ndipo anakhala moyo tsiku limodzi. Sanakhalenso ndi pakati, ndipo mwamuna wawo patapita zaka anakwatira kwina.

"Aliyense ankandiyamikira kuti ndine wolimba," anatero. "Panalibe ndi mmodzi yemwe wondiuza kuti khala pansi. Ndiye ndinati ine ndidzakhala munthu ameneyo, ngakhale azidana nane."

M'nyumba ya ku Phalula munali zipinda zitatu. Chimodzi chinali chawo, china cha Patuma, mwana wa mchemwali wawo amene ankawasamalira atakalamba. Chachitatu chinali cha anamwino. Atapuma ntchito anaona kuti atsikana a pachipatala chapafupi akachoka ku ntchito ya usiku sagona, chifukwa kunyumba za pachipatala kumakhala ana, alendo ochokera kumudzi, ndi odwala ogogoda pawindo. Anagula bedi ndi matiresi, anasoka makatani a nsalu yokhuthala yakuda, n'kutumiza uthenga kuti wofuna tulo abwere. Sankalipiritsa, ndipo sankafunsa mafunso. Namwino akalowa, iwo ankakhala pakhonde ngati mlonda. Munthu akabwera kudzafunsa ngati nesi wakutiwakuti ali kuno, ankayankha ndi nkhope youma kuti kuno kulibe nesi, kuli nkhalamba yokha. Ankati bodza limenelo adzalifotokoza okha kwa Mulungu, ndipo akukhulupirira kuti adzamvetsa. Wogonayo akadzuka ankapeza kapu ya thobwa pakhomo itavundikiridwa ndi mbale. Anamwino amene anagona m'chipinda chimenecho, m'zaka zonsezo, ena lero ndi akuluakulu m'zipatala za m'mizinda.

Ndinapita ku Phalula pa sadaka ya masiku makumi anayi. Anthu atabalalika, Patuma ananditengera m'nyumba. Anati mpaka sabata yomaliza mayi ake aakulu ankafunsa ngati nsalu zoyala pabedi la anamwino lija zachapidwa. Anatinso atsikana a kuchipatala akubwerabe, makamaka m'mawa. Amafika pampanda, amaima pang'ono, kenako amabwerera.

Ndinapempha kuona chipindacho. Patuma anazengereza, kenako anakankha chitseko.

"Mutikhululukire, amayi. Takolola kumene, ndiye tinasowa poika."

Makatani akuda aja anali atachotsedwa, ndipo dzuwa la masana linkalowa lonse pawindo. Matiresi anali atapindidwa pakati n'kumangidwa ndi luzi, ataimikidwa pakona. Pabedi, pa mapulanga opanda kanthu, anasanjapo matumba a chimanga mpaka kufika pawindo, ena ali pansi motsamira khoma, ndipo m'chipinda monse munkanunkha mankhwala othira m'chimanga. Kuseri kwa chitseko kunatsala msomali umene atsikana ankakolekapo yunifomu, ndi hang'ala imodzi yawaya. Kunja, kumsewu, mabasi ankaliza mahutala poitana okwera, phokoso limene sindinalimvepo m'chipindamo chitseko chikakhala chotseka.

Ndinali nditatopa ndi ulendo, ndipo ndinayang'ana uku ndi uku kufuna pokhala. Panalibe. Ndinaima pakhomo pomwepo mpaka Patuma anandifunsa ngati atseke.